Mwana wanga akuti adzakhala jaji: amalowera khomo liti?

Mayi a Tadala, Matawale:
Odi kuno abale. Ndabwera ndi funso, musandiseke. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndiye dzulo tikudya nsima wangoti, "Amayi, ine ndidzakhala jaji wa khoti la Supreme." Bambo ake mpaka anatsamwa ndi kuseka. Akuti mipando imeneyo ili ndi eni ake, mwana wa mphunzitsi wa pulayimale asamalote dzuwa likuswa mtengo. Ine zinandiwawa koma ndinasowa choyankha, poti kunena zoona sindidziwa kuti munthu amafika bwanji pampando umenewu. Amalemba kalata yofunsira ntchito ngati ife? Amachita kuitanidwa? Komanso ndikaona zithunzi zawo atavala mikanjo ndi mawigi aja, ambiri ndi azibambo. Amene mukudziwa tandimasulireni, ndikamuyankhe mwana.

Wa ku Chirunga:
Mayi, ine ndikuphunzira zamalamulo pompano, ndiyesere. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994 amati kuti munthu akhale jaji ayenera kukhala kuti wakhala ndi chilolezo chogwira ntchito ya uloya kwa zaka zosachepera 10. Amene amasankha ndi Pulezidenti, koma sasankha za m'mutu mwake. Mayina amachokera ku bungwe loona za ntchito za oweruza, lija amati Judicial Service Commission. Mkulu wa majaji onse yekha ndiye njira yake ndi ina: Pulezidenti akamutchula, dzina limapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo aphungu awiri mwa atatu alionse amene alipo n'kuvota ayenera kuvomereza. Ndiye mwana wanuyo palibe lamulo lomuletsa. Akhoze MSCE bwino, alowe ku yunivesite, apeze malo ku sukulu ya zamalamulo, agwire ntchito zaka 10. Papepala zili choncho.

Bambo a Yami, Chinamwali:
"Papepala" kkkkk. Mwamaliza bwino achimwene.

Mayi a Tadala, Matawale:
Zikomo mwana wanga. Nanga bungwe mwatchulalo, muli ndani?

Wa ku Chirunga:
Momwe analembera mu 1994, linali la anthu asanu: mkulu wa majaji ngati wapampando, wapampando wa bungwe lolemba ntchito anthu a m'boma, jaji mmodzi, loya mmodzi ndi majisitireti mmodzi. Atatu omalizawo amawatchula ndi Pulezidenti atakambirana ndi mkulu wa majaji. Mukaonetsetsa, anayi mwa asanuwo ndi anthu a m'khola limodzi, odziwana kuyambira ali pasukulu pano. Kumapeto kwa 2024 aphungu anavomereza malamulo atsopano okonza kayendetsedwe ka makhoti, ndipo bungweli ndi limodzi mwa zimene anakhudza. Koma majaji amene mukuwaona pazithunziwo, pafupifupi onse anadutsa pa khomo lakalelo.

Mdala Wopuma, Kalimbuka:
Ndawerenga zonse. Ndikuona kale kumene nkhaniyi ikulowera, ndiye ndineneretu. Ine ndagwira m'boma zaka 31. Mpando wa jaji si wa komiti ya maliro ya m'mudzi woti tiziti apa pakhale mayi, apa bambo, apa wachinyamata. Munthu ukaimirira m'kabokosi kaja, moyo wako uli m'manja mwa munthu mmodzi, sufunsa kuti wavala siketi kapena buluku. Umafuna wodziwa malamulo, wosalandira ziphuphu, wosaopa foni yochokera ku Capital Hill. Basi. Za jenda tizisiyire a mabungwe, ndi kumene amadyera.

NaBanda, Ndola:
Bambo, ndi ulemu wonse, ndani wanena kuti tiikepo mbuli chifukwa yavala siketi? Nthawi zonse tikangotchula amayi, mawu oyamba kutuluka ndi akuti "koma akhale odziwa." Akamasankhidwa azibambo okhaokha palibe amene amadzuka kufunsa ngati onsewo ali odziwa. Mayi Anastasia Msosa anakhala jaji woyamba wamkazi wa High Court mu 1992. Werengani kuchokera 1964, zaka 28 dziko likudzilamulira popanda mayi ngakhale mmodzi pampando umenewo. Mukufuna kundiuza kuti zaka zonsezo nzeru zinkabadwira anyamata okha? Mayi omwewo ndi amene anayendetsa chisankho cha 1994, chija chinachotsa Kamuzu, dziko lili pa moto, ndipo anachitula bwinobwino. Mu 2013 anakhala mkulu wa majaji onse mpaka 2015. Kuchokera pamenepo mpandowo unabwereranso kwa azibambo, a Andrew Nyirenda, kenako a Rizine Mzikamanda. Mayi mmodzi yekha chiyambire.

Mdala Wopuma, Kalimbuka:
Mwandithandiza nokha mayi. A Msosa anafika popanda kota. Anagwira ntchito, anaoneka.

NaBanda, Ndola:
Anaoneka chifukwa wina anafuna kuona. Angati anagwira ntchito chimodzimodzi osaonedwa? Ndipotu lamulo lilipo kale, si maganizo anga. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse, asapitirirenso 60. Mu Okutobala 2020 amayi anachita kuguba m'misewu chifukwa cha mayina a m'mabodi a makampani a boma. Mwezi womwewo atatulutsa majaji atsopano 12 a High Court, 6 anali amayi. Anawatenga kuti? Anagwa kumwamba sabata imeneyo? Analipo nthawi yonseyi, ena ali mamajisitireti, ena maloya.

Bambo a Yami, Chinamwali:
Apa mayi mwamenya pamutu pa njoka.

Gogo Womasulira, Mpondabwino:
Ana anga, ndilowerereko. Ine sindinapite patali ndi sukulu ngati enanu, koma ndakhala womasulira m'khoti zaka zoposa 20, kuima pakati pa woweruza ndi woweruzidwa. Ndikuuzeni chimene ndinaona ndi maso, dzina la khoti sinditchula.

Kunabwera mlandu wa malo. Mbali ina kunali gogo wina wa kumudzi cha kunyanja ya Chilwa, atavala chitenje chatsopano chimene ndikhulupirira anagulira tsiku limenelo, nsapato za pulasitiki atazivula n'kuziika pansi pa benchi poti zimamuluma. Mbali inayo kunali ana a mchimwene wake womwalira, ophunzira, ali ndi loya. Anawo amati munda unali wa bambo awo, ndiye ndi wawo. Gogoyo atafunsidwa anangoti, "Munda umenewu ndi wa mbumba. Malemuwo anali mwinimbumba, ankangotiyang'anira." Ine ndinatembenukira kwa woweruza, pakamwa panga pauma. Mbumba pa Chingerezi ndi chiyani? Ndikati banja, woweruza amva bambo, mayi ndi ana, ndiye kuti ndawapatsa kale munda ana aja. Mwinimbumba ndikati mwini, ndamuphanso gogo uja, chifukwa mwinimbumba si mwini munda, ndi mlonda wa alongo ake ndi ana awo. Ndinayamba kufotokoza motalika, loya anaimirira n'kunena kuti womasulira akupereka umboni. Ndipo sananame, ntchito yanga sinali imeneyo.

Woweruza wa tsikulo anali munthu wabwino, wanzeru, wosadya za anthu. Koma anakulira kumene mkazi amalowoledwa, ana n'kukhala a kwa bambo, ndipo kuchoka apo anakhala m'tauni moyo wake wonse. Chikamwini anachiwerenga m'buku. Ankafunsa mobwereza kuti, "Koma bambo a ana awa analima mundawu zaka zingati?" Funso limenelo kwa iye linali lofunika. Kwa gogo uja linalibe mutu, poti mlongo wako kulima m'munda wa mbumba sikuusandutsa wa ana ake, ana akewo kwawo ndi kwa amayi awo. Gogo ankangondiyang'ana ine ngati ndine ndikumupereka.

Chaka china mlandu wofanana nawo unagwera woweruza amene anakulira cha ku Jali. Mboni itangoti "mbumba," iye anandiimitsa ndi dzanja n'kufunsa yekha, "Anabadwa angati kwa agogo anu aakazi? Wamkulu ndani?" Mphindi khumi, nkhani yonse inali poyera. Sindikuti anakondera. Ndikuti anadziwa funso loyenera kufunsa.

Ndiye bambo a ku Kalimbuka, kudziwa malamulo ndikuvomereza. Koma lamulo silidzifunsa lokha mafunso.

Mayi a Tadala, Matawale:
Agogo, mwandikumbutsa za munda wa amayi anga ku Thondwe. Nanga gogo woyamba uja zinamuthera bwanji?

Gogo Womasulira, Mpondabwino:
Anagawa mundawo pakati. Gogo anatuluka nsapato zili m'manja, osalankhula ndi munthu.

Mdala Wopuma, Kalimbuka:
Achemwali, nkhani yanu ndaimva ndipo yandikhudza. Koma taonani kumene ikutifikitsa. Ndiye kuti mlandu wa Mlomwe uziweruzidwa ndi Mlomwe, wa Mtumbuka ndi Mtumbuka? Tinayesapo zimenezo. Mu 1969 Kamuzu anapatsa makhoti a mafumu mphamvu zoweruza ngakhale milandu yakupha, akuti azungu sadziwa chikhalidwe chathu, akumasula anthu olakwa. Majaji achizungu anatula pansi udindo n'kumapita. Mapeto ake? A Orton Chirwa ndi mayi Vera Chirwa, maloya enieni, mayiwo woyamba wamkazi m'dziko muno, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 ndi khoti la mafumu, kopanda loya wowaimira. A Orton anafera m'ndende yathu yomweyi ya Zomba mu 1992. Ndimadutsa pampanda umenewo tsiku lililonse popita kumsika. Amene anawaweruza ankadziwa chikhalidwe bwino lomwe.

Gogo Womasulira, Mpondabwino:
Ayi achimwene, zimenezo sindinapemphe, ndipo masiku amenewo ndimawakumbuka kuposa inu mwina. Makhoti aja vuto lake silinali chikhalidwe, linali lakuti chigamulo chinkadziwika mlandu usanayambe. Chimene ndikunena n'chaching'ono. Majaji amadya limodzi, amafunsana, amawerengerana zigamulo, ndipo ku apilo amakhala atatu kapena kuposa. Pakakhala mmodzi pakati pawo woti anena kuti "anzanga, mbumba si banja," ena onsewo aphunzira. Pakakhala palibe, onse alakwitsa mogwirizana, ndipo cholakwacho chimalowa m'buku, a ku Chirunga n'kumachiloweza.

Wa ku Chirunga:
Kkkk agogo mwatilasa. Koma n'zoona, chigamulo cha khoti lapamwamba chimamanga makhoti onse a pansi. Chikapindika kumwamba, chapindika dziko lonse.

Che Mjomba, Songani:
Salaam abale. Ine ndiwonjezere pa za agogo. Kuno kwathu nkhalamba zambiri Chichewa zimamva koma zikapsa mtima kapena zikachita mantha zimabwerera ku Chiyao. M'khoti munthu amakhala ndi mantha nthawi zonse. Ndiye mawu amachoka ku Chiyao, kupita ku Chichewa, kukafika ku Chingerezi, pofika kwa bwana atsala mafupa okhaokha. Ndinaperekezapo mjomba wanga pa mlandu wa banja, ukwati wake unali wa nikah, wa Chisilamu. Theka la tsiku linatha kufotokoza kuti mahari si malowolo. Ine sindikupempha kuti jaji akhale Msilamu kuti atikondere. Koma mwa majaji onse a dziko lino, ana a ku Machinga, Mangochi ndi kuno kumtunda kwa Zomba alipo angati? Ndikufunsa chabe.

Bambo a Yami, Chinamwali:
Poti mwayamba kuwerenga, tiyeni tiwerenge zonse. Aliyense amadziwa kuti m'makhoti ndi m'maofesi a maloya mwadzaza anthu a chigawo chimodzi. Tisanamizane.

Nyauyu, Mulunguzi:
Ndimadikira kuti wina anene. Tchulani bambo, musaope, mukunena ife a kumpoto. Muli ndi chiwerengero kapena mwangomva ku bawo? Ine ndinabadwira ku Rumphi, ndakhala ku Zomba kuno zaka 19, ana anga Chitumbuka sachidziwa n'komwe. Akadzakhala majaji mudzawawerengera kuti? Nyimbo imeneyi ndi yomwe inabweretsa kota ku yunivesite. Khoti linaikana mu 1993, Bingu anaibwezeretsa mu 2009, inadzathanso mu 2020. Mwana wa mchemwali wanga anakhoza bwino kuposa anzake amene anatengedwa, iye n'kutsala, chifukwa cha boma limene agogo ake anabadwira. Lero mukufuna kota yomweyo ifike kwa majaji?

Bambo a Yami, Chinamwali:
Sindinatchule mtundu wa munthu ine.

Nyauyu, Mulunguzi:
Simunafunike kutchula.

Adimini:
Abale, chonde. Nkhani ya mitundu inatithetsera kale gulu lina. Kambani mfundo, osati anthu. Wobwereza ndimutulutsa kwa sabata.

Che Mjomba, Songani:
Mayi a ku Mulunguzi, pepani ngati funso langa ndi limene latsegula khomo limeneli. Ine yankho ndikulidziwa ndipo silili kwa inu. Amishoni anamanga sukulu ku Livingstonia ndi ku Blantyre kalekale, makolo athu anakana kutumiza ana poopa kuti akawabatiza ndi kuwadyetsa nkhumba. Amene anayamba sukulu zaka 100 zapitazo, zidzukulu zake ndi zimene zili maloya lero. Palibe anaba. Koma bala limenelo lilipo, ndipo silipola pongonena kuti aliyense apikisane mofanana.

Nyauyu, Mulunguzi:
Apo tagwirizana, Che Mjomba. Mangani sukulu, osati kutseka chitseko kwa mwana wa mnzanu.

Loya Wotopa, Blantyre koma kwathu ku Sadzi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndili pa basi. Mukukangana za kumapeto kwa mzere, pamene anthu amathera panjira. Ndikuuzeni za kalasi yathu. Kwa zaka zambiri sukulu ya zamalamulo m'dziko muno inali imodzi yokha, ya ku Chirunga, ndipo inkatenga anthu ochepa kwambiri pachaka. Ndiye majaji athu ambiri anagona m'mahositelo amodzi, anaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amodzi, anadya nyemba za m'khefi imodzi. Kaya ndi wa ku Chitipa kaya wa ku Nsanje, pofika zaka 45 amaganiza mofanana kuposa mmene mukuganizira. Tikati tiwerenge amene tinalowa m'kalasi mwathu, ambiri anachokera ku sukulu za mishoni zotchuka, za boma zogonera komweko, ndi zolipira. Wochokera ku CDSS, masekondale oyendera a m'madera aja, ndimakumbuka mmodzi, ankakhala ku Chikanda m'kachipinda kopanda magetsi, ankawerengera ku laibulale mpaka kutseka. Kusiyana kwenikweni kuli pamenepo, wa kumudzi ndi wa m'tauni, wosauka ndi wopeza. Koma zimenezo pachithunzi sizioneka.

Tsono za amayife. Zaka 10 zimene akunena mng'ono wanga wa ku Chirunga zimagwera ndendende pa zaka zobereka. Ukalowa umajisitireti, akutumiza ku boma lakutali, mwamuna ali ku Lilongwe, apongozi ayamba kufunsa ngati ukwati ulipo. Mnzako wamwamuna akasamutsidwa, mkazi amamanga katundu n'kumutsatira, palibe amene amadabwa. Ukalowa ku kampani ya maloya, milandu ikuluikulu ya mabanki ndi ya chisankho, imene imamveketsa dzina, amapatsana madzulo kumalo omwera. Iwe amakupatsa ya mabanja ndi ya ana, akuti "amayi mumaitha bwino." Pakutha pa zaka 10 iye ali ndi milandu imene majaji onse akuikumbuka, iwe uli ndi mafayilo 300 a chisudzulo amene palibe anawawerenga. Ndiye bungwe likakhala pansi n'kunena kuti tikufuna wodziwa, silinama. Koma kudziwako kunagawidwa kale.

NaBanda, Ndola:
Achemwali, lembani buku.

Mdala Wopuma, Kalimbuka:
Mayi loya, izi ndiye mfundo. Komabe ndikufunseni. Mlandu wa amayi a ku Msundwe, aja anachitidwa zachipongwe ndi apolisi mu 2019, amene anagamula mu 2020 kuti boma liwapepese ndi ndalama anali a Kenyatta Nyirenda, bambo. Ndipo wapampando wa bungwe la chisankho cha 2019 chimene khoti linachitaya anali mayi, jajinso wa Supreme. Ndiye siketi ikutsimikiza chiyani?

Loya Wotopa, Blantyre koma kwathu ku Sadzi:
Sikutsimikiza kanthu bambo, ndipo amene angakuuzeni kuti jaji wamkazi ndi mngelo akunamizani. Ndaimapo pamaso pa amayi ouma mtima kuposa azibambo. Koma mlandu wa Msundwe mwautchulawo, anautengera kukhoti ndani? Bungwe la maloya aakazi. Amayi 18 aja akanakhala chete mpaka lero. Ndiye kuti mlandu ufike pa tebulo la jaji wabwino, panafunika anthu amene nkhaniyo inawawawa m'thupi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Jaji wabwino wamwamuna alipo, inde. Funso langa ndi lakuti bwanji tizidalira mwayi.

Wa ku Chirunga:
Ndiponso pompano pa Zomba tili ndi chitsanzo. Mu Meyi 2023 a Zione Ntaba, ku High Court ya kuno, anagamula kuti sukulu za boma zisamakanize ana achirasta chifukwa cha tsitsi lawo. Iwo si Mrasta. Anali m'gulunso la majaji atatu amene mu 2017 anathetsa kalamulo ka vakabu kamene apolisi ankagwirira anthu oyenda usiku, mlandu wake unayamba ndi bambo wogulitsa majumbo amene anamugwira mbandakucha akupita ku geni. Ndiye a Mdala ali ndi mfundo, munthu atha kumva ululu umene si wake. Kungoti m'kalasi timaona kuti amene anayendapo wapansi usiku amaumva msanga.

Ras wa pa Depoti:
Mwana wanga analowa Fomu 1 chifukwa cha chigamulo chimenecho. Zina zonse mukukambazi ine sindizitsata, koma dzina la mayi ameneyo m'nyumba mwanga timalidziwa.

Mlamu wa ku Joni:
Moni a kumudzi. Kuno ku South Africa nkhaniyi anailemba m'malamulo aakulu enieniwo, kuti posankha majaji aziganizira kuti makhoti aonetse mitundu ya anthu a dzikoli, akuda ndi oyera, amuna ndi akazi. N'zomveka, poti mu 1994 pafupifupi majaji onse anali azungu aamuna. Koma chimene chimandisangalatsa ine si chimenecho. Ofuna ujaji amafunsidwa mafunso poyera, pa TV. Ine ndimaonera ndili pa ntchito yanga ya ulonda. Munthu amafunsidwa kuti chigamulo chakuti unachedwa nacho miyezi 14 chifukwa chiyani, thukuta kamukamu dziko lonse likuona. Zonyansa zimaonekeranso pomwepo. Mayi Mandisa Maya mu 2022 anafunsidwa zinthu zina zoti bambo sangafunsidwe, anthu anakwiya, ndipo mu 2024 anakhala mayi woyamba kutsogolera majaji onse kuno. Ku Kenya nakonso amaonetsa pa TV, ndi mmene anapezekera mayi Martha Koome mu 2021. Ngakhale ku England, kumene tinatengera mawigi athuwa, mpando wa mkulu wa majaji unakhala wa azibambo zaka mazanamazana mpaka 2023. Ndiye tisadzinyoze kwambiri, ife a Msosa tinali nawo 2013.

Bambo a Yami, Chinamwali:
Pa TV kuno? Magetsi ake ati kkkk.

Gogo Womasulira, Mpondabwino:
Pa wailesi mwana wanga. Mwaiwala mlandu wa chisankho? Miyezi yonse ija dziko linaima, m'minibasi, m'misika, mawailesi ali pakhutu, anzanga omasulira akutembenuza mawu ndi mawu m'Chichewa. Amayi ogulitsa tomato pa Mpondabwino ankatsutsana za tipeksi ngati maloya. Pa 3 February 2020 anthu anakhala tsiku lathunthu kumvetsera chigamulo. Ngati tinatha kumvetsera zimenezo, tingalephere kumvetsera munthu akufunsidwa chifukwa chimene akufunira ujaji?

NaBanda, Ndola:
Ndipo pa majaji asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Kapindu, a Madise ndi a Tembo, mayi anali mmodzi, a Ivy Kamanga. Tsiku limenelo palibe anafunsa kuti kwawo n'kuti.

Nyauyu, Mulunguzi:
Anafunsa mayi, muiwale bwanji. Amene chigamulo sichinawakomere anayamba kufufuza midzi ya majaji usiku womwewo pa Facebook. Ndi chifukwa chake ine za poyerazi ndazikonda. Zinthu zikachitikira kuchipinda, aliyense amadzaza yekha mpata ndi mphekesera: uyu anamusankha chifukwa ndi wa kwawo kwa bwana, uyu chifukwa ndi mkazi, uyu amapemphera limodzi. Ngakhale amene analowa ndi nzeru zake amanyamula chitonzo chimene sanachipalamule.

Mdala Wopuma, Kalimbuka:
Pa ichi chokha ndikugwirizana nanu nonse. Alengeze mayina a ofunsira, mafunso amveke, atiuze chifukwa chimene atengera uyu n'kusiya uyo. Koma ndichenjeze. Mu Juni 2020 boma linafuna kukankhira a Andrew Nyirenda, mkulu wa majaji nthawi imeneyo, ndi jaji Edward Twea ku tchuthi chokakamiza chisankho chitatsala masiku ochepa, maloya anachita kuguba ndi mikanjo yawo. Wandale akafuna kulowetsa munthu wake amagwiritsa chilichonse chili pafupi. Lero anena kuti tikufuna mayi, mawa tikufuna wa chigawo chakuti, koma amene akumufunayo ndi womvera. Kota sindiifuna mpaka pano.

Loya Wotopa, Blantyre koma kwathu ku Sadzi:
Womvera amalowanso bwinobwino pansi pa mawu akuti "wodziwa," bambo. Zaka zonsezi walowera pamenepo. Ine 40 ndi 60 ndikuifuna ndithu, chifukwa ndaona kuti popanda nambala anthu amaiwala kuyang'ana. Koma tisiyire pomwepa, basi yafika pa Limbe.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Mwaiwala gulu lina. Ndimaphunzitsa ana osamva ndi osaona. Makwerero a makhoti athu ambiri munthu wa njinga ya olumala sangakwere ngakhale ngati mboni. Za ujaji ndiye sitinayambe n'kulota komwe.

Adimini:
Mfundo imeneyo ikufunika tsiku lakelake aphunzitsi, tidzaitsegule Loweruka.

Mayi a Tadala, Matawale:
Abale, ndinangofunsa kafunso kamodzi, mwandipatsa mtolo. Ndamuwerengera mwana zina mwa izi, bambo akenso amamvetsera akunamizira kukonza wailesi. Nditafika pa za CDSS mwana anangoti zii, poti iye ali pa CDSS. Kenako wandifunsa kuti mnyamata wa ku Chikanda uja, wowerengera ku laibulale, ali kuti pano. Mayi loya mukatsika basi mutiuze.

Loya Wotopa, Blantyre koma kwathu ku Sadzi:
Anali mtsikana, osati mnyamata. Ndi majisitireti, boma lina la kumpoto, chaka chachisanu ndi chitatu tsopano. Ana awiri, mwamuna ali ku Blantyre kuno.

Mayi a Tadala, Matawale:
Ndiye zamutsalira ziwiri.

Gogo Womasulira, Mpondabwino:
Mayi a Tadala, sukulu akatsekera mubwere naye. Khoti ndi la aliyense, munthu amaloledwa kukhala kumbuyo n'kumamvetsera, kupatula milandu ya ana ndi ina imene woweruza watseka chitseko. Avale zaulemu, foni azimitse, woweruza akamalowa aimirire. Tikakumane pa geti la High Court cha m'ma 8 koloko, ndikamuonetse pokhala. Mudye kaye kunyumba, milandu imachedwa kuyamba.